Ndowa yaikulu, mjigo umodzi

Alamu anga atasiya ntchito yoperekeza alendo m'paki ya South Luangwa, anatsegula kashopu ka intaneti pa Cropping, ku Mfuwe. Anagula rauta, makompyuta awiri ndi bandulo imene kampani ina inkailengeza kuti ndi yopanda malire.

"Alamu, timalemba tam'munsito mwawerenga?" ndinawafunsa.

"Zopanda malire n'zopanda malire basi," anandiyankha akuseka.

Masabata awiri oyamba ndalama zinalowa. Aphunzitsi ankatumiza makalata, ana omaliza Giredi 12 ankadzaza mafomu a ku koleji. Kenako chithunzi chimodzi chinayamba kutenga nthawi yophikira nsima kuti chipite. Timalemba tija tinkanena kuti ukafika pa mlingo wakutiwakuti, liwiro limachepetsedwa mpaka mwezi utha. Alamu anagula bandulo ina yokwera mtengo, koma dzuwa likangolowa zonse zinkaimanso.

Chimene sanadziwe n'chakuti bandulo ndi ndowa chabe, pamene nsanja ya netiweki ndiye mjigo. Mafoni onse ozungulira amatunga pa nsanja imodzimodziyo. Madzulo anthu a kwa Kakumbi akabwera kumunda, antchito a m'malo ogona alendo akaweruka, aliyense ali pa WhatsApp ndi Facebook, mzere umatalika ngakhale ndowa yako ikule bwanji. Ndipo makampani amathamangira kuwonjezera nsanja ku Chipata ndi ku Lusaka, kumene ndalama zimabwerera msanga. Kuchigwa kuno, kumene midzi ili patalipatali ngati kwa Malama ndi kwa Msoro, timadikira.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Alamu anali ndi sola yawo, koma mabatire a pa nsanja akatha, netiweki inkapita. Intaneti ya setilaiti ya Starlink inali itayamba kale mu Zambia mu Okutobala 2023, koma ndalama zogulira zipangizo zake zinali zitathera m'mabandulo. Makompyuta aja anagulitsidwa motchipa.

Inu amene mukufuna kuyamba malonda odalira intaneti, musakhulupirire chikwangwani. Bwerekani foni pamalo pomwepo, muyese netiweki 7 koloko madzulo, osati mbandakucha. Funsani kuti liwiro limatsika ukafika pa magigabaiti angati, ndiponso ngati nsanjayo ili ndi sola kapena jenereta. Mukaona kuti zimene analonjeza sizikuchitika, kadandauleni ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

Alamu anabwerera kuthengo kukaonetsa alendo njovu. Ndikawafunsa za shopu, amangoti, "Safunsa anadya phula, alamu."