Kwa mphwanga amene nyimbo yake yayamba kumveka

Mphwanga, amayi ako andiuza kuti nyimbo yako yayamba kumveka pa wailesi, ndipo tsopano ukusakasaka wokujambula vidiyo. Ndakondwa kwambiri. Koma usanakaime kutsogolo kwa kamera, ukafufuze nyimbo ina yakale ya Madonna yotchedwa "Drowned World/Substitute for Love", uonere vidiyo yake uli wekha, mtima uli m'malo.

Madonna ukumudziwa, mayi uja analera ana ochokera kuno kwathu, amenenso anatsegula chipatala cha ana cha Mercy James pa Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2017. Nyimboyi ili m'chimbale chake cha Ray of Light ndipo inatuluka payokha mu Ogasiti 1998. Apa n'kuti iye atatchuka kwa zaka zoposa khumi, atabereka mwana wake woyamba, Lourdes, mu 1996. Ndi nyimbo ya munthu amene wadya zonse zimene kutchuka kumapereka, maphwando, ndalama, zibwenzi, maulendo, n'kupeza kuti njala ikadalipo.

Vidiyoyo anaijambula Walter Stern mu mzinda wa London. Madonna akutuluka m'nyumba usiku, atolankhani ojambula zithunzi akumuthamangitsa pa njinga zamoto, magetsi a makamera akung'anima pa magalasi a galimoto. Anthu ambiri ku Britain anakwiya, ndipo ine sindiwadzudzula. Chaka chinali chisanathe bwino chimwalirire Princess Diana, amene anafa pa ngozi ku Paris pa 31 Ogasiti 1997, galimoto yake ikuthawa ojambula otere. Bala linali lisanapole. Ambiri anaona ngati woimbayo akugulitsa nyimbo ndi maliro a mnzake. Madonna anali ndi chifukwa chomveka, pakuti nayenso ankasakidwa chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, komabe chisoni cha eni ake sichinali chake choti n'kubwereka. Iwenso adzakuuza kuti vidiyo imayenda ikakhala ndi chodzidzimutsa. Wojambula akadzati tiikemo bokosi la maliro, kapena tiyerekeze ngozi imene yangochitika kumene pamsewu, ukumbukire kuti kwinakwake kuli mayi amene akadali pa mphasa, chitenje chili kumutu.

Koma chimene ndikufuna uonetsetse chili pakatikati pa vidiyoyo, ndipo sichitenga nthawi. Madonna akuyenda m'hotela, wathawa gulu la anthu otchuka amene nkhope zawo zapotokapotoka ngati zilombo za m'maloto. Akukumana ndi mayi wogwira ntchito m'hotelamo. Akumwetulirana. Iwe woonera ukuti mtima pansi, wapeza munthu. Nthawi yomweyo mayi uja akutulutsa kamera, ng'ani!

Ine zimenezi zinandionekera. Nthawi imene ndinkaimba mu bandi, nyimbo yathu ina inagwira mseu, moti m'minibasi makondakitala ankakana ndalama yanga. Mowa unkabwera wokha patebulo, osadziwa wagula ndani. Usiku wina titamaliza kuimba ndinaledzera mpaka kugwa pakhomo pa bala, malaya atang'ambika, ndikutukwana anthu amene sanandilakwire. Amene anandijambula pa foni anali mnzanga wodya naye mbale imodzi, amene ndinkamulipirira lendi zikamuvuta. Patapita masiku atatu, mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu osalankhula, n'kukagona osadya. Anzake anali atamuonetsa. Anali ndi zaka 11. Manyazi anga ndinawasenzetsa mwana, ndipo zinatenga zaka kuti ayambenso kundiyang'ana m'maso. Mnzangayo ndinamukhululukira kalekale. Analakwa kujambula, koma wogwa pakhomo pa bala ndinali ine.

Mu 1998 wojambula ankafunika njinga yamoto ndi kamera yodula. Lero aliyense ali nayo m'thumba, ndipo chimene chalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook sichibwezeka. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wako wayamba kukula, choncho uziona kumene ukuika phazi. Mowa waulere uziuopa kuposa wogula wekha, chifukwa wogula wekha umatha ndalama zikatha. Ukasaina pepala la vidiyo, pakhale mawu oti isatuluke iwe usanaione yonse ndi kuivomereza. Akakana, tenga jekete yako uzipita. Ndipo nawenso usamatulutse foni mnzako akagwa, uzimudzutsa.

Vidiyo ija ikuthera kunyumba. Madonna watseka chitseko, phokoso latsala kunja, ndipo akukumbatira kamtsikana. Khala ndi chitseko chotero. Chibwenzi chako, matenda a amayi ako, mkangano wa pabanja, zimenezi zisalowe pa intaneti ngakhale otsatira ako atachonderera bwanji. Ukabwera kumudzi, foni uziisiya m'chikwama, ukhale pansi ndi agogo ako, akutume kukatunga madzi monga kale, akuitane ndi dzina lako laubwana lija, osati la pa chimbale.

Loweruka likubwerali ndidzakhala ndili pakhomo tsiku lonse. Ubwere ndi pepala limene wojambulayo wakupatsa, tidzaliwerenge limodzi usanasaine.