Kodi mu Misa akuimba ndani?

Amayi anzanga, Lamulungu lina la mwezi wa Okutobala, pa tchalitchi china cha m'mphepete mwa nyanja kuno ku Salima, magetsi anathima Misa ili m'kati. Kiyibodi inangoti zii, masipika nawonso zii. Wotsogolera nyimbo ali kakasi, gogo wina kumbuyo anayambitsa nyimbo yakale ya zopereka, ndipo tchalitchi chonse chinalandira, ngakhale azibambo aja amangopinda manja. Potuluka ambiri ankati, “Lero ndiye tapemphera.” Phunziro lathu mwezi uno lichokere pamenepa: bwanji timaimba bwino zida zikakhala chete?

Zizolowezi zake mukuzidziwa. Wotsogolera amayambira nyimbo pamwamba penipeni, poti ofikapo ndi atsikana awiri okha a m'kwaya, enafe n'kumangoyendetsa milomo. Sabata iliyonse kumabwera nyimbo yatsopano imene waimvera pa foni, ndipo tisanaigwire wabweretsa kale ina. Akagwira maikolofoni safuna kuisiya: amaimba ndime, n'kudziyankhanso yekha. Pa Salimo ndiye pamandiwawa kwambiri, chifukwa ena amalichotsa n'kuikapo nyimbo yapamtima pawo, chonsecho Salimo ndi Mawu a Mulungu ngati mawerengo enawo. Achimwene a pa kiyibodi nawo amayatsa ng'oma za m'makina zija, zothamanga ngati za pa zikwati, ngakhale pamene tikupempha Ambuye kuti atichitire chisoni. Wansembe akamapemphera, zala zawo sizikhazikika. Ndipo nyimbo imabwerezedwa kasanu wansembe ataimirira kudikira pa guwa, malata akuotcha, makanda akulira.

Izi si nkhani ya zokonda za munthu chabe. Pa 4 Disembala 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Sacrosanctum Concilium, chimene chimafuna kuti akhristu onse azitenga mbali mokwanira pa mapemphero a Mpingo, kuphatikizapo kuimba. Malangizo a m'buku la Misa amanena mosabisa: wansembe akamanena mapemphero ake monga mtsogoleri, zida zoimbira zikhale chete. M'nyengo ya Lenti chida chiziimbidwa pothandiza mawu a anthu basi, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zikondwerero, ndipo mu Adventi chiziimbidwa modzichepetsa. Choncho ntchito ya wotsogolera ndi yonga ya uja amayambitsa nyimbo asodzi akamakoka khoka. Iye amaponya mawu, anzake n'kuyankha, chingwe n'kuyenda. Akaimba yekha zonse, khoka silifika kumtunda.

Pali nkhani ya umoyonso, imene ife amayi sitiyenera kuinyalanyaza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angathe kumva phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma likafika pa 90, malire ake ndi maola 4 okha. Makutu a mwana ndi osachedwa kupweteka kuposa athu. Tizigawo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikawonongeka sitimeranso. Tsono taonani pamene masipika amaikidwa m'matchalitchi athu ambiri: kutsogolo, pafupi ndi mkeka wa ana, kapena pakhomo pomwe timakhala ife obereka makanda kuti tituluke msanga akalira. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu woyandikana naye akumveni, kapena mwatuluka makutu akulira, phokosolo lapitirira.

Tisaiwale kuti anthuwa amatumikira mongodzipereka. Ambiri ndi ana athu omwe, anaphunzira okha kiyibodi, ndipo palibe anawakhazika pansi n'kuwauza zimene Mpingo umafuna. Kuwanena kumjigo kapena potandika usipa sikusintha kanthu, kumangowafikira ngati miseche, mwana n'kusiya kwaya. Nkhaniyi ipite ku komiti yoona za mapemphero kudzera mwa amayi apampando athu, bambo mfumu akudziwa. Tipemphe zinthu zotheka: mphindi zisanu Misa isanayambe zophunzitsa mpingo mawu oyankha Salimo, nyimbo yatsopano imodzi yokha pa mwezi, sipika ichoke pafupi ndi ana. Ifenso tibwere ndi visekese ndi mawu athu, pakuti n'kovuta kudandaula kuti kwaya yatilanda nyimbo pamene tikafika mochedwa n'kukhala duu.

Pa 22 Novembala ndi tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. M'gulu lanu kambiranani: kodi tingaitane a kwaya pa tsikuli, tiwaphikire mpunga ndi chambo, tiwathokoze, kenaka tiwauze zakukhosi? Nanga ndi nyimbo ziti zakale zimene agogo a mu mphakati wanu akuzikumbukirabe, zoti achinyamatawa aziphunzire?