PHUNZIRO LA ALIMI: NGONGOLE YAING'ONO YA AMISIRI NDI A MALONDA M'MIDZI YA CHIRADZULU

Abale anga alimi, tonse tidziwa kuti dziko lathu la Chiradzulu ndi lochepa koma anthu ake ndi ochuluka. Pa kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 350,000. Minda yagawidwa kwa ana ndi adzukulu kufikira yatsala timagawo tating'ono, ndipo mabanja ambiri chimanga chimawathera m'nkhokwe mvula isanagwe. Chifukwa chake khasu lokha silikwanira kudyetsa nyumba. Wina asoka zovala, wina asula ndowa ndi mbaula, wina apala matabwa, wina aluka malichero ndi madengu, ndipo amayi ambiri aphika mandasi ndi zitumbuwa kapena apikula tomato kukagulitsa ku Mbulumbuzi, ku Namadzi, ku Njuli ndi ku Namitambo. Onsewa luso ali nalo, koma chowasowa ndi mpamba. Tsono m'phunziro lino tione kumene mpamba ungachokere, ndi umo munthu angakongolere ndalama popanda kudzimangirira chingwe m'khosi.

CHIFUKWA CHAKE MMISIRI WA KUMUDZI ASAUKA

Taganizani za munthu wosula ndowa amene alibe ndalama zogulira malata. Iye adikira kufikira munthu wina abwere ndi ndalama zake kudzamuuza kuti amusulire ndowa imodzi. Apita ku Limbe kukagula lata limodzi pa mtengo wokwera, nalipira ulendo wonse chifukwa cha lata limodzilo. Masiku otsala akhala manja lende. Akadakhala ndi mpamba akadagula malata ambiri ulendo umodzi, nasula mlungu wonse, nanyamula katundu wake kunka naye kumsika.

Banki yaikulu ya m'tauni siikonda kumkongoza munthu wotere, pakuti ifuna chikole, ndipo munda wa makolo suyesedwa chikole. Tsono iye athawira kwa a katapila, amene akongoza msanga koma afuna phindu lalikulu, nthawi zina theka la ndalama zonse pa mwezi umodzi. Munthuyo agwira ntchito usana ndi usiku, koma thukuta lake adyerera ndi wina.

ZIMENE ZINAYESEDWA KALE

Nzeru yothandizana pa malonda siinayambe lero kuno kwathu. M'busa John Chilembwe atakhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe m'chaka cha 1900, anaphunzitsa anthu ntchito za manja pamodzi ndi kuwerenga, ndipo amayi anaphunzira kusoka. Iye anaona kuti munthu wodzidalira pa ntchito yake sagonjera thangata msanga.

Kutali ku Bangladesh, m'chaka cha 1976, mphunzitsi wina wa za chuma dzina lake Muhammad Yunus anayendera mudzi wa Jobra, napeza anthu osauka oluka mipando ya nsungwi ndi a ntchito zina ali m'manja mwa okongoza ndalama. Anakongoza anthu 42 ndalama zokwana madola 27 okha onse pamodzi, ndipo anabweza. Pamenepo panaphuka banki yotchedwa Grameen, imene inakhazikika mwalamulo mu 1983. Yunus ndi bankiyo analandira mphotho ya Nobel ya mtendere mu 2006.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti pamene Boma la Malawi linafuna kuyesa njira imeneyi, linasankha maboma awiri, Chiradzulu ndi Mangochi. Bungwelo linatchedwa Malawi Mudzi Fund, ndipo linayamba kukongoza mu 1990. Kachitidwe kake kanali kotere: anthu asanu osauka, odziwana bwino, anali kusankhana okha napanga gulu. Chikole cha katundu panalibe. Chikole chinali gulu lomwelo. Anali kusonkhana mlungu ndi mlungu, nasunga kandalama pang'ono, nabweza ngongole pang'onopang'ono. Ngati mmodzi sanabweze, anzake sakanatha kulandira ngongole ina. M'zaka zoyamba amuna ambiri analephera kubweza, kotero kuti bungwelo linatembenukira makamaka kwa amayi. Pambuyo pake ntchito yake inalowa m'bungwe la Malawi Rural Finance Company, limene linayamba ntchito mu 1994.

Nthawi yomweyo ngongole ya feteleza ndi mbewu, imene alimi anali kulandira kupyolera m'makalabu pansi pa bungwe la SACA, inagwa. Kwa zaka zambiri alimi a Malawi anali ndi mbiri ya kubweza bwino. Koma chilala cha 1992 chinaononga chimanga, ndipo pa nyengo ya kusintha kwa ndale mu 1993 ndi 1994 ena anayamba kunena kuti ndalama za Boma ndi mphatso. Anthu ambiri analeka kubweza, thumba linauma, ndipo alimi okhulupirika omwe anasowa kokongola chaka chotsatira. Phunziro lake ndi ili: ngongole ili ngati mbewu ya m'nkhokwe ya mudzi wonse. Akaidya oyamba, otsatira sadzabzala.

BANKI M'KHONDE

Njira imene yafala m'midzi mwathu tsopano ndi banki m'khonde. Inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 pakati pa amayi, mothandizidwa ndi bungwe la CARE. Kusiyana kwake ndi njira zoyambazo ndi kwakuti ndalama sizichokera kunja. Ndi za mamembala eni ake. Anthu 15 kufikira 25 agwirizana, nasankha wapampando, mlembi, msungichuma ndi owerenga ndalama. Pa msonkhano uliwonse munthu aliyense agula masheya monga momwe angathere. Ndalamazo zisungidwa m'bokosi la maloko atatu, ndipo makiyi ake asunga anthu atatu osiyana, kuti bokosi lisatsegulidwe koma pamaso pa onse. Wofuna ngongole apempha pabwalo, ndipo kawirikawiri saloledwa kutenga koposa katatu ndalama zimene wasunga. Pakhalanso kathumba kena ka pa mavuto, ka matenda ndi maliro. Pakutha pa miyezi 9 kapena 12 agawana zonse pamodzi ndi phindu, yense monga mwa masheya ake. Ubwino wake ndi wakuti chiwongoladzanja chimene mulipira sichichoka m'mudzi. Chibwerera kwa inu nomwe tsiku logawana. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Alipo mabungwe enanso okongoza ndalama, monga ma SACCO. Chiyambire lamulo la 2010, mabungwe okongoza ndalama zazing'ono ayang'aniridwa ndi Reserve Bank ya Malawi. Musanasaine pepala lililonse, funsani ngati bungwelo ndi lovomerezeka, ndipo wina wodziwa kuwerenga akuwerengereni pepala lonse.

TIYENI TIWERENGE MASAMU

Manambala awa ndi a chitsanzo chabe. Inu muikepo mitengo ya kumsika kwanu. Tiyese kuti wosula ndowa uja wakongola K120,000, nagula malata okwanira ndowa 20. Ndowa iliyonse agulitsa K9,000, ndiye kuti zonse zikagulidwa apeza K180,000. Pa ulendo, pa chiphaso cha msika ndi pa tizipangizo tina waononga K15,000. Zatsala K165,000.

Ngati anakongola ku gulu limene lifuna K10 pa K100 iliyonse pa mwezi, abweza K132,000, natsala ndi K33,000 ya thukuta lake. Koma ngati anakongola kwa katapila wofuna theka, abweza K180,000. Pamenepo wagwira ntchito mwezi wathunthu, ndipo apereweranso K15,000, imene adzaipeza pogulitsa nkhuku kapena nandolo wa m'nyumba.

Tionenso china. Tiyese kuti malonda anavuta, nagulitsa ndowa 15 zokha pofika tsiku lobweza. Apeza K135,000; kuchotsapo K15,000 ija zitsala K120,000. Ngakhale ngongole yabwino ija imperewera ndi K12,000. Ichi chitiphunzitsa kuti powerenga tisamayese kuti katundu yense adzagulidwa. Werengani ngati kuti gawo limodzi la magawo anayi lidzatsala, ndipo ngati masamu akukanabe, chepetsani ngongole.

MALANGIZO ASANU NDI AWIRI

1. Kongolerani ntchito imene muidziwa kale. Ngongole ikulitsa luso limene lilipo, siibala luso. Mayi amene waphika mandasi zaka zitatu adziwa ufa, mafuta ndi makasitomala ake. Wongoyamba ayambe ndi ndalama zake zochepa.

2. Yambani ndi ngongole yaing'ono. Mukaibweza bwino mudzatenga yokulirapo. Kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

3. Yang'anani nyengo. Kuno kwathu anthu akhala ndi ndalama atakolola, kuyambira mwezi wa May kufikira September, makamaka akagulitsa nandolo. M'miyezi ya January ndi February anthu afuna chakudya chokha. Telala ndi kalipentala asowa ntchito. Musatenge ngongole yaikulu yobweza m'miyezi ya njala.

4. Ngongole yobweza mlungu ndi mlungu iyenera malonda obweza ndalama msanga, monga tomato, usipa, mandasi ndi kukonza njinga. Musaigulire feteleza wa chimanga, pakuti chimanga chidikira miyezi inayi kapena isanu, koma tsiku lobweza silidikira.

5. Lekanitsani thumba la malonda ndi thumba la pakhomo. Gulani kope, mulembemo tsiku ndi tsiku zimene mwagula, zimene mwagulitsa, ndi amene atenga katundu pa ngongole. Mpamba wa anthu ambiri wathera pa ndiwo, pa mowa ndi pa achibale otenga katundu osalipira.

6. Bambo ndi mayi akambirane asanakongole. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti mayi asaine ngongole, bambo nkulanda ndalamazo, kenaka gulu lidzatenge ziwiya ndi mbuzi za pakhomo. Amene adya ndalama ndiye ayenera kudziwa tsiku lobweza.

7. Musakongole kuno kuti mukabweze uko. Munthu wolowa magulu atatu nthawi imodzi akumba dzenje kuti akwirire dzenje lina.

ZA TSIKU LA TSOKA

Ngakhale munthu wosamala tsoka limpeza. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ndi minda m'boma lino, ndipo ambiri anataya katundu wa malonda pamodzi ndi abale awo. M'mwezi wa November chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo mpamba umene unali kugula malata khumi sunathenso kugula khumi. Chifukwa cha zotere, gulu lanzeru lipangana malamulo a tsoka lisanagwe: kodi wodwala apatsidwa masabata angati? Kodi membala akamwalira ngongole yake itani? Ndipo inu mukaona kuti simudzatha kubweza pa tsiku lake, musabisale. Pitani kumsonkhano, nenani zoona, perekani zimene muli nazo. Anzanu akhululukira wochedwa amene aonekera, koma wothawa aononga dzina lake ndi la banja lake.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA KALABU

1. Kodi ndi ntchito ziti za manja m'mudzi mwanu zimene zibweza ndalama mlungu uliwonse, ndipo ndi ziti zimene zidikira nyengo yokolola?

2. Mayi wakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse pa mwezi, ndipo abweza zonse pakutha miyezi iwiri. Adzabweza zingati? Nanga ayenera kupindula zingati pa mlungu kuti mpamba usathe?

3. Chifukwa ninji makiyi a bokosi asungidwa ndi anthu atatu?

Mayankho anu mubwere nawo kwa mlangizi wa dera lanu pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi kope la malonda anu, kuti tidzawerenge masamu a munthu aliyense asanapemphe ngongole.