Phunziro 14: Kupolisha Galimoto ndi Makina

Anzathu, magalimoto ochokera ku Mocuba amafika pa Milange ali fumbi lokhalokha. Ena amawolokera ku Muloza. Eni ake amafuna penti wowala, ndipo amalipira.

Poyamba timatsuka galimoto ndi kuiumitsa. Kamchenga kamodzi kotsalira kamakanda penti. Timagwirira pamthunzi, chifukwa polishi amauma msanga pa chitsulo chotentha.

Makina amazunguza siponji. Siponji ikamazungulira, penti amatentha. Tonse tikudziwa nsimbi ya makala: tikaisiya malo amodzi, malaya amapsa. Makinanso ndi chimodzimodzi. Penti akapsa sabwerera. Galimotoyo ndi ya mwini, ndipo kupentanso kumadya malipiro athu a masiku ambiri. Choncho timayamba ndi liwiro lochepa. Siponji igone yonse pa penti. Dzanja liziyenda pang'onopang'ono, osaima, osakanikiza.

M'mphepete mwa chitseko penti ndi wopyapyala. Pamenepo timamata tepi, kenaka timapolisha ndi dzanja. Waya wa magetsi timakoleka paphewa.

Wophunzira ayambire pa chitseko chakutha cha kugalaja, osati pa galimoto ya munthu.

Tiwerenge: pe-nti, ma-ki-na, si-po-nji.
Tiyankhe: N'chiyani chimapsereza penti?