Mafunso ndi Mayankho: Pamene Makina Odzazira Zipolopolo Akuvuta

Ku America, anthu ambiri ochita masewera owombera chandamale sataya makoko amkuwa a zipolopolo zimene awombera. Amawatola, kuwatsuka, n'kuwadzazanso kunyumba. Amene amawombera kwambiri amagula makina otchedwa progressive press, monga Dillon XL750 yopangidwa ku Scottsdale, Arizona, kapena Lock-N-Load AP ya kampani ya Hornady ya ku Grand Island, Nebraska. Nawa mafunso amene ongoyamba kumene amafunsa kawirikawiri.

Kodi makinawa amasiyana bwanji ndi ena?

Ali ndi mbale yozungulira yonyamula makoko angapo nthawi imodzi. Mukakoka chogwirira kamodzi, khoko lina likuwongoledwa ndi kuchotsedwa primer yakale, lina likulandira onga, lina likuikidwa mutu, lina likufinyidwa kukamwa. Ntchito zinayi kapena zisanu zimachitika pamodzi, koma maso anu ndi awiri okha. Mavuto ambiri amayambira pamenepa.

Primer ikukana kulowa, kapena ikulowa chammbali. Chavuta n'chiyani?

Primer ndi kachitsulo kokhala kumatako kwa khoko, kamene kamayatsa onga. Ikakana, musakakamize. Yambani mwayang'ana khokolo. Makoko a asilikali amakhala ofinyidwa m'mphepete mwa kabowo ka primer, ndipo m'pofunika kukonza kabowoko kaye. Makoko a .45 ACP alipo a mitundu iwiri, ena a primer yaikulu, ena a yaing'ono, ndipo akasakanikirana amaimitsa ntchito. Ngati makoko ali bwino, mwina mbale yakhwefuka, kapena timibulu ta onga tagwera panjira ya primer. Pukutani.

Primer yolowa bwino imakhala yobisala pang'ono. Mukaisisita ndi chala isamveke kuti yatumphuka. Ndipo valani magalasi oteteza maso nthawi zonse, chifukwa ma primer amasanjikizana mu kapaipi, ndipo imodzi ikaphulika ingathe kuyatsa anzake onse.

Makina akakamira pakati pa ntchito, ndichite chiyani?

Funso ili ndilo lalikulu kuposa onse m'kabuku kano. Makina akakamira, munthu amagwedeza chogwirira, kuchikweza, kuchitsitsa, mtima wonse uli pa khoko limodzi lovutalo. Nthawi yomweyo khoko lina lingathe kulandira onga kawiri, lina n'kudutsa lopanda kanthu. Pa makina ngati Dillon RL550, amene mbale yake mumaizunguza ndi dzanja, kungoiwala kuzunguza kamodzi n'kokwanira.

Onga wa mfuti zam'manja umayaka msanga ndipo umathiridwa wochepa kwambiri. M'khoko lalitali ngati la .38 Special, miyeso iwiri imakwanamo osasefukira, diso osaona kusiyana msanga. Chipolopolo chotero chingathe kung'amba mfuti, n'kuvulaza dzanja ndi nkhope. Chopanda onga nacho n'choopsa: primer yokha imakankha mutu mpaka pakati pa mpope, n'kukakamira momwemo, ndipo chipolopolo chotsatira chimakagunda pamenepo. Owombera amachitcha squib. Mukamva kulira kofooka, lekani kuwombera, chotsani zipolopolo, yang'anani mumpope.

Choncho makina akaima, kapena wina akakuitanani pakhomo, chotsani makoko onse pambale, khuthulani onga, yambiraninso. Mutaya mphindi ziwiri zokha. Ine sindikhulupirira chipolopolo chilichonse chimene sindinaone onga wake ndi maso anga. Ikani nyali pamwamba pa mbale, ndipo ngati malo alipo, ikaninso die (kachida komangidwa pa makinawo, kogwira ntchito pa khoko) yoyeza onga monga Lock-Out Die ya RCBS.

N'chifukwa chiyani muyeso wa onga ukusinthasintha?

Kawirikawiri ndi kakokedwe. Kokani mpaka kumapeto, mofanana nthawi zonse, pa tebulo losagwedera. Yesani pa sikelo pafupipafupi, ndipo muyeso wake muutenge m'buku la kampani yopanga ongawo, osati kwa mnzanu. Onga amauyeza mu grain. Ma grain 7,000 ndiwo paundi imodzi.

Zipolopolo zanga za 9mm sizikulowa bwino mu mfuti.

Chotsani mpope mu mfuti, muponyemo chipolopolo. Chizilowa chokha ndi kutuluka chokha mukaweramitsa. Chikakana, mwina die yowongola khoko simunaitsitse mokwanira, mwina kukamwa kwa khoko kudakali koyasamula, kapena mutu watalika. Pa 9mm finyani pang'ono chabe, kungobweza kukamwako, pakuti khokolo limatsamira kukamwa kwake likalowa mumpope. Onaninso kuti mutu sukumira mukaukankha, chifukwa ukamira, mphamvu ya kuphulika imakwera kwambiri. Samalaninso ndi makoko a .380, amene amabisala pakati pa a 9mm.

Ndiyambe bwanji?

Yendetsani khoko limodzi lokha kuzungulira mbale yonse, mpaka ntchito ya malo aliwonse mwaidziwa. Patebulo pazikhala mtundu umodzi wokha wa onga. Mukamaliza sambani m'manja musanadye, chifukwa m'fumbi la makoko ogwiritsidwa kale ntchito muli mtovu, ndipo ana asamasewere m'chipindacho.