Tsamba la kratom ndi milandu ya chipukuta misozi

Ku Thailand, Malaysia ndi Indonesia kuli mtengo wotchedwa kratom. Ndi wa mtundu umodzi ndi khofi. Kuyambira kale alimi ndi asodzi a kumeneko amathyola masamba ake n'kumatafuna akamagwira ntchito padzuwa, kapena kuwawiritsa ngati tiyi. Munthu akatafuna pang'ono, kutopa kumachoka. Akachulutsa, thupi limalefuka, ululu umazilala, tulo timabwera. Boma la Thailand linaletsa mtengowu mu 1943, koma linauchotsa pa mndandanda wa mankhwala ozunguza bongo mu 2021.

Lero masambawa amawaumitsa, kuwapera, n'kuwatumiza ku America. Ambiri amachokera ku Indonesia. Ku Americako amagulitsidwa ngati ufa wobiriwira, makapisozi kapena chakumwa cha m'timabotolo, m'mashopu a fodya, pamalo omwetsera mafuta ndi pa intaneti. Safuna kalata ya dokotala. Papaketi amakonda kulembapo mawu akuti "zachilengedwe".

Nanga tsamba lingamugwire bwanji munthu mpaka kulephera kulisiya? M'tsambamo muli mankhwala otchedwa mitragynine, ndi ena amphamvu kwambiri otchedwa 7-OH. Mu ubongo wathu muli timalo tokhala ngati loko. Mankhwala opha ululu monga morphine ali ngati kiyi wotsegula lokoyo. Mankhwala a mu kratom amalowanso pa loko yemweyo. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, thupi limazolowera. Supuni imodzi imene inkakwanira poyamba siigwiranso, ayenera kumwa ziwiri, kenako zitatu. Tsiku limene wasowa, amadzuka minofu ikuphwanya, mamina akuchucha, thukuta lili kamukamu, m'mimba mwatsegula, ndipo usiku amangotembenuka pamphasa osagona. Chimenechi ndicho chibaba. Ena avulala chiwindi, ena agwa ngati akhunyu, ena amwalira. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, silinavomereze kratom kukhala mankhwala a matenda aliwonse. Pofika mu 2018 anthu 199 m'zigawo 41 za dzikolo anadwala chifukwa cha tizilombo ta salmonella topezeka mu kratom.

Apa ndipo pamayambira milandu. Mu June 2021, ku Florida, mayi wina wa zaka 39, namwino, wa ana anayi, anagwa m'nyumba mwake m'mawa ndipo sanadzukenso. Pafupi naye panali kapu ya khofi ndi paketi yotsegula ya kratom. Papaketipo panalibe chenjezo, panalibe mlingo wa kamwedwe. Oyeza mtembo anapeza kuti chinamupha ndi mitragynine. Abale ake anakasumira kampani imene inamugulitsa. Kampaniyo sinadziteteze m'khoti, ndipo mu July 2023 woweruza analamula kuti ilipire ndalama zoposa madola 11 miliyoni. Mwezi womwewo, m'chigawo cha Washington, khoti linagamula kuti banja la bambo wina amene anamwalira mu 2020 lilandire madola 2.5 miliyoni.

Milandu yotere si ya upandu. Palibe amene amapita kundende. Odandaula amafuna chipukuta misozi: ndalama za kuchipatala, za maliro, malipiro amene malemu akanapeza, ndi chisoni cha ana otsala. Koma kulira kokha sikupambana mlandu. Odandaula ayenera kusonyeza kuti katunduyo anali woopsa ndipo wogulitsa ankadziwa, kapena anayenera kudziwa. Ayenera kusonyeza kuti sanachenjeze ogula. Chovuta kwambiri ndi chomaliza, kusonyeza kuti chimene chinavulaza munthuyo ndi kratom yemweyo, osati china. Maloya a makampani amagwira pomwepa. Amati malemu anamwanso mowa kapena mankhwala ena, ndipo n'zoona kuti m'matupi a anthu ambiri omwalira atamwa kratom mumapezekanso mankhwala ena monga fentanyl. N'chifukwa chake lisiti, paketi yotsala ndi lipoti la dokotala zimakhala umboni wa mtengo wapatali.

Palinso mlandu wa gulu. Anthu ambiri amene anavulazidwa mofanana amaphatikiza madandaulo awo kukhala mlandu umodzi, chifukwa munthu mmodzi sangathe kulimbana ndi kampani yaikulu. Mu 2023 ku California kunatsegulidwa mlandu wotere wokhudza chakumwa cha Feel Free cha kampani ya Botanic Tonics. Odandaula anati chakumwachi chinkatsatsidwa ngati chabwino cholowa m'malo mwa mowa, osanena poyera kuti kratom wa m'katimo amayambitsa chibaba. Taganizirani munthu amene wavutika kusiya mowa, n'kugula kabotolo poganiza kuti wapeza thandizo, osadziwa kuti akulowa m'msampha wina. Mlanduwu unatha pokambirana, kampani itavomera kulipira madola 8.75 miliyoni.

Si onse amene amadana ndi kratom. Alipo amene amati wawathandiza pa ululu wa msana, ena amati wawathandiza kusiya mankhwala oopsa kuposa kratom. Mu 2016 bungwe la DEA, lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ku America, litafuna kumuletsa m'dziko lonse, anthu anadandaula kwambiri mpaka linabweza ganizolo. Zigawo zina monga Alabama, Indiana ndi Wisconsin zinamuletsa pazokha. Mu July 2025 bungwe la FDA linapempha kuti 7-OH aikidwe m'gulu la mankhwala oletsedwa.

Ine ndikuona kuti odandaulawa ali ndi mfundo. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha chimene amwa, koma angasankhe bwanji ngati wogulitsa wabisa choonadi? Mawu ochepa papaketi, onena mlingo ndi kuopsa kwake, sakanawonongetsa kampani ndalama zambiri.

Aliyense atenge paketi kapena botolo la mankhwala limene lili kunyumba, kaya a kuchipatala kaya azitsamba. Awerenge dzina la wopanga, mlingo, chenjezo ndi tsiku lothera mphamvu.