Kodi kachingwe ka mphanda ndi swichi zimawononga mawu?

Funso

Mlembi wa kwaya ya mpingo wina wa kudera la Mfumu Mwase, m'boma la Lundazi, walemba kalata yofotokoza kuti mpingo wawo uli ndi mikisa imodzi, ampulifaya imodzi ndi masipika anayi, ndipo akufuna kuti mawu ochokera mu mikisa azipita ku ampulifaya komanso ku makina ojambulira nyimbo zoti azikapereka ku Radio Chikaya. Akufunsa ngati kachingwe ka mphanda, kamene amalonda amakatcha splitter, pamodzi ndi swichi yosankhira pakati pa foni ndi kompyuta, zingachepetse kukoma kwa mawu, popeza ena mumpingomo akuti kugawa mawu ndi kuwafooketsa.

Yankho

Kachingwe ka mphanda kalibe chilichonse m'kati mwake kupatula mawaya olumikizidwa, choncho pakokha sikangasinthe mawu. Chimene chimasintha ndi katundu amene makina otulutsa mawu asenzetsedwa. Katunduyo amayezedwa ndi impedance, kumene ndi kukaniza kwa chipangizo pamene magetsi a mawu akudutsamo, ndipo muyeso wake ndi ma ohm. Khomo lotulutsira mawu la mikisa nthawi zambiri limakhala ndi ma ohm 100 kapena mazana ochepa, pamene khomo lolandirira la ampulifaya kapena la makina ojambulira limakhala ndi ma ohm 10,000 kapena kuposa. Makomo awiri a 10,000 akalumikizidwa pa mphanda imodzi, mikisa imawaona ngati khomo limodzi la 5,000, ndipo pa mikisa ya ma ohm 100 mphamvu ya mawu imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100, zimene khutu la munthu silingazindikire. Pa mbali imeneyi, zimene mlembiyu akufuna kuchita zilibe vuto, ndipo mpingo usataye ndalama za chopereka pa zingwe zokutidwa ndi golide, chifukwa golide amangoteteza ku dzimbiri, sawonjezera kukoma kwa nyimbo.

Komabe nkhawa ya anthu aja ili ndi pochokera, chifukwa mphanda yomweyo ikaikidwa kumbali ya masipika nkhani imasintha. Sipika imodzi kawirikawiri imakhala ya ma ohm 8; masipika awiri akalumikizidwa pa khomo limodzi amakhala 4, ndipo anayi amatsika kufika pa 2, pamene maampulifaya ambiri anapangidwa kuti asasenze katundu wotsika kuposa 4. Zikatero ampulifaya imatentha, mawu amayamba kusasa pakati pa mapemphero, ndipo mwina imazima yokha kapena kupsa. Njira yoyenera ndi kuika masipika awiri kumbali ina ya ampulifaya ndi awiri kumbali inayo, munthu atawerenga kaye manambala olembedwa kumbuyo kwake.

Cholakwa china, chimene chimaoneka kawirikawiri pa maukwati ndi pa misonkhano, ndi kutembenuza mphandayo kuti foni ndi kompyuta zilowe pa khomo limodzi. Apa makina awiri otulutsa mawu amakankhana, aliyense akukankhira magetsi ake mwa mnzake, kotero kuti mawu amasokonekera ndipo makomo ake angathe kuwonongeka. Kuphatikiza mawu ndi ntchito ya mikisa, ndipo ngati mikisayo ili ndi makomo otsala, foni ndi kompyuta zilowe payokhapayokha, swichi osafunikanso.

Swichi nayo ndi tizitsulo tokhudzana basi, ndipo ikakhala yaukhondo siwononga kanthu. Mdani wake ndi fumbi la m'chilimwe ndi chinyontho cha dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zimene zimachititsa dzimbiri pa tizitsuloto, kenako mawu amathetheka kapena mbali imodzi imaduka. Mankhwala opopera otsukira zipangizo zamagetsi amathandiza, koma mafuta wamba sayenera kuthiridwamo chifukwa amasunga fumbi. Ndi bwinonso kutsitsa mawu musanakhudze swichi, kuti kugunda kwake kusafike ku masipika.

Chimene mlembiyu ayenera kuchiyembekezera kwenikweni ndi kulira kwapansipansi kosalekeza kumene kungayambe akangolumikiza makina ojambulira. Magetsi a ZESCO amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo makina awiri akakhala pa masoketi osiyana koma atalumikizana ndi chingwe cha mawu, magetsi ochepa amayenda m'chikuto cha chingwecho n'kumveka m'masipika. Jenereta ndi inverter ya sola yotsika mtengo zingawonjezere phokosoli. Mphanda imapatsidwa mlandu, chonsecho yangolumikiza makina amene anali kale osiyana. Poyamba makina onse alumikizidwe pa soketi imodzi, ndipo ngati laputopu ndiyo ikujambula, iyesedwe pa batire yake yokha. Phokoso likapitirira, pamafunika kabokosi kotchedwa DI box, kokhala ndi thiransifoma yaing'ono imene imadutsitsa mawu popanda mawaya a mbali ziwirizo kukhudzana. Waya wopita pansi wa pa pulagi asadulidwe pofuna kuthetsa phokoso, chifukwa ndiye amateteza woimba wogwira maikolofoni kuti asagwidwe ndi magetsi. Ngati makina ojambulira ali kutali kuposa mamita 5 kapena 6, chingwe cha mtundu wa RCA chisiyidwe, pagwiritsidwe ntchito cha XLR cha mano atatu, chimene chimanyamula mawu pa mawaya awiri motsutsana kuti phokoso lotoledwa panjira lifafanizike pofika.